Kuchokera ku Lilongwe Kupita ku London Pandege: Kudzera ku Addis Ababa, Nairobi, Johannesburg Kapena Dubai

Munthu akatambasula ulusi pamapu a dziko lapansi kuchokera pa bwalo la ndege la Kamuzu, ku Lumbadzi kumpoto kwa mzinda wa Lilongwe, kukafika pa bwalo la Heathrow kumadzulo kwa London, mtunda wake umakwana makilomita pafupifupi 8,000. Ndege zikuluzikulu za masiku ano zikakhazikika m'mwamba zimathamanga makilomita apakati pa 850 ndi 900 pa ola limodzi, kotero kuti pakanakhala ndege yonyamuka ku Lilongwe n'kukatera ku London osaima pena paliponse, ulendowo ukanatenga maola 10 kapena kupitirira pang'ono. Ndege yotereyi kulibe. Akuluakulu ena amakumbukirabe kuti m'zaka za m'ma 1970 kampani ya Air Malawi inali ndi ndege ya mtundu wa VC10 imene inkanyamula anthu kuchokera ku Blantyre kupita ku London, koma zimenezo zinatha kalekale, ndipo lero aliyense wopita ku Britain, kaya ndi wophunzira, namwino wokagwira ntchito kapena agogo okaona zidzukulu, ayenera kukasintha ndege pa bwalo la m'dziko lina.

Njira zimene anthu ambiri amadzera zilipo zinayi: ya ku Addis Ababa ku Ethiopia, ya ku Nairobi ku Kenya, ya ku Johannesburg ku South Africa, ndi ina yozungulira kwambiri yodutsa ku Lusaka mpaka ku Dubai kapena ku Doha. Woyang'ana mapu okha angafulumire kunena kuti ya ku Nairobi ndiyo yabwino chifukwa ndiyo ili pafupi ndi ulusi uja, ndipo angamuseke wodzera ku Johannesburg kuti akuyamba walowera kumwera pamene kumene akupita ndi kumpoto. Komatu paulendo wa ku London, maola amene amatopetsa munthu, komanso amene amasiyanitsa njira ina ndi inzake, ambiri amathera pansi, pampando wa m'chipinda chodikirira ndege yachiwiri.

Maola a patikiti

Tisanayerekeze njirazi, n'kofunika kumvetsa kaye mmene nthawi imalembedwera patikiti, chifukwa apa ndi pamene ambiri amasokonezekera. Nthawi yonyamukira imatsata wotchi ya pamalo pamene ndege ikunyamuka, ndipo nthawi yoterera imatsata wotchi ya kumene ikukatera. Malawi, Zambia ndi South Africa ali pa nthawi imodzi. Ethiopia, Kenya ndi Qatar ali patsogolo pa Malawi ndi ola limodzi, pamene Dubai ali patsogolo ndi maola awiri. London ali kumbuyo ndi maola awiri m'miyezi yozizira ya kumeneko, koma kuyambira Lamulungu lomaliza la Malichi mpaka Lamulungu lomaliza la Okutobala amasuntha wotchi, ndipo kusiyanako kumatsala ola limodzi. Choncho ndege ikanyamuka ku Lilongwe 2 koloko masana n'kukatera ku Addis Ababa 7 koloko madzulo, yauluka maola 4, osati 5. Momwemonso, mukachoka ku Lilongwe 2 koloko masana m'mwezi wa Januwale n'kukafika ku London 7 koloko m'mawa wa tsiku lotsatira, mwayenda maola 19 ngakhale kuti zala zikuwerenga 17.

Maola olembedwawo akuphatikizanso nthawi imene ndege imayenda pansi kupita pamsewu wake wonyamukira, nthawi yokwera m'mwamba, ndi yozungulirazungulira podikira chilolezo chotera, zimene pa bwalo lotanganidwa ngati Heathrow si zachilendo. N'chifukwa chake maulendo awiri aafupi amatenga nthawi yambiri kuposa ulendo umodzi wautali ngakhale makilomita ake atafanana.

Kudzera ku Addis Ababa

Kuchokera ku Lilongwe kukafika pa bwalo la Bole ku Addis Ababa ndi makilomita pafupifupi 2,600, ndipo ndege ya Ethiopian Airlines imatenga maola ngati 4 ikapita mwachindunji. Kuchokera ku Bole kukafika ku Heathrow ndi makilomita pafupifupi 5,900, amene amatenga maola ngati 8. Zonse pamodzi ndi makilomita 8,500 ndi maola 12 a mumlengalenga, kutanthauza kuti pa mtunda wowongoka uja mwawonjezerapo makilomita 500 okha.

Ubwino weniweni wa njirayi uli pa ndandanda ya maulendo. Kampaniyi inakonza zinthu mwakuti ndege zochokera m'mizinda yambiri ya mu Africa zimasonkhana ku Bole chakumadzulo, ndipo zopita ku Ulaya zimanyamuka pakati pa usiku. Wapaulendo amachoka ku Lilongwe masana, amafika ku Addis Ababa kutada, amadikira maola angapo, ndipo kunja kukamacha amakhala akutsikira ku London, ulendo wonse utatenga maola apakati pa 17 ndi 19. Pobwerera zinthu zimakhala bwino kuposa apa, chifukwa ndege imachoka ku Heathrow usiku, imafika ku Addis Ababa m'mamawa, ndipo patangopita maola ochepa ya ku Malawi imanyamuka n'kukafika masana a tsiku lomwelo, moti munthu amatha kukadya nsima yamadzulo kwawo ku Kasungu kapena ku Dedza.

Kunyamuka usikuku kuli ndi zifukwa zake. Bwalo la Bole lili pamalo okwera mamita oposa 2,300 kuchokera pamene pali nyanja yamchere, ndipo pamalo okwera chonchi mpweya umakhala wopepuka, makamaka masana dzuwa likatentha. Ndege yodzaza anthu, katundu ndi mafuta a maola 8 imavutika kudzuka mumpweya wopepuka, koma usiku kukazizira mapiko ndi mainjini zimagwira bwino. Kumbali ya London nako kuli malamulo ochepetsa phokoso amene amachepetsa kwambiri chiwerengero cha ndege zotera pa Heathrow kuyambira 11:30 usiku mpaka 6 koloko m'mawa, kotero makampani ambiri ochokera ku Africa amawerengera kuti akafike zipata zikangotseguka.

Zovuta zake ziliponso ndithu. Popeza ndege zambiri zimafika nthawi imodzi, madzulo pa Bole pamakhala chikhamu cha anthu, mizere yofufuzira katundu wa m'manja imatalika, ndipo wofika mochedwa amasowa pokhala. Ku Addis Ababa usiku kumazizira kwambiri, ndiye munthu amene wanyamuka ku Lilongwe mu Okutobala atavala malaya opyapyala, juzi ataitsekera m'sutikesi, amanong'oneza bondo akamakwera basi yopita pamene ndege yaima. Chinanso choyenera kuchiyang'anitsitsa ndi chakuti masiku ena ndege yochokera ku Malawi imaima kaye pa bwalo lina isanalowere kumpoto, ndipo kuima kumeneku kumawonjezera ola limodzi kapena kuposerapo ngakhale simutsika.

Anthu a ku Blantyre njirayi imawakomeranso chifukwa Ethiopian Airlines imafika pa bwalo la Chileka, komanso ili ndi gawo la 49 peresenti mu kampani ya Malawi Airlines, imene inayamba kuuluka mu 2014 Air Malawi itatha, pamene boma la Malawi lili ndi 51 peresenti. Kuwonjezera pa Heathrow, Ethiopian Airlines imapitanso ku Gatwick ndi ku Manchester, ndipo wokhala kumpoto kwa England zimenezi zimamupulumutsa ku maola anayi kapena asanu a pabasi kuchokera ku London. Ngati ndandanda yakukakamizani kudikira ku Addis Ababa maola apakati pa 8 ndi 24 chifukwa palibe ndege ina yapafupi, kampaniyi ili ndi dongosolo lopereka malo ogona kwa apaulendo otere, ndipo ndi bwino kufunsa za zimenezi pogula tikiti.

Kudzera ku Nairobi

Papepala njira iyi ndiyo yaifupi koposa. Kuchokera ku Lilongwe kukafika pa bwalo la Jomo Kenyatta ndi makilomita pafupifupi 1,430, ulendo wa maola 2 ndi mphindi zochepa, ndipo kuchokera ku Nairobi kupita ku Heathrow ndi makilomita ngati 6,840, amene amatenga maola pafupifupi 9. Pamodzi ndi makilomita osakwana 8,300 ndi maola 11 ndi pang'ono a mumlengalenga. Tsiku limene ndandanda yalumikizana bwino, palibe njira ina imene ingaipose iyi.

Vuto lili pa mawu akuti tsiku limene. Ndege ya Kenya Airways yodziwika kwambiri yopita ku Heathrow imanyamuka ku Nairobi m'mawa n'kukafika ku London chakumadzulo, pamene ya British Airways imanyamuka usiku. Ndege zochokera ku Lilongwe kupita ku Nairobi sizinyamuka nthawi yofanana tsiku lililonse. Zina zimachoka usiku kwambiri, ndipo zina zimadzera kaye mumzinda wina wa m'chigawo chino. Zotsatira zake n'zakuti wina amadikira ku Nairobi maola atatu okha, pamene mnzake amene wasankha tsiku lina amagona pampando usiku wonse, ndipo ulendo umene unkaoneka waufupi pamapu umafika maola 24. Pa njira iyi, kusuntha tsiku lonyamukira ndi tsiku limodzi lokha kumatha kusintha ulendo wonse, choncho musagule musanayerekeze masiku awiri kapena atatu oyandikana.

Kuuluka masana kuli ndi okukonda. Anthu amene sagona m'ndege amaona kuti ndi bwino kukhala maso dzuwa likuwala, kuona chipululu ndi nyanja ya Mediterranean pawindo, n'kukagona pabedi lenileni usiku womwewo. Komabe wofika ku Heathrow chakumadzulo, makamaka mu Disembala pamene ku London kumada isanakwane 4 koloko, amatuluka kwa a imigireshoni kunja kuli mdima, ndipo ngati ulendo wake ukupitirira pasitima kapena pabasi kupita ku Leeds, Nottingham kapena Glasgow, amakafika usiku kwambiri m'dziko limene mwina sakulidziwa. Wofika m'mawa amakhala ndi tsiku lonse loti asochere n'kupezanso njira.

Kudzera ku Johannesburg

Iyi ndi njira imene imaoneka yopanda nzeru mpaka munthu ataiyesa. Kuchokera ku Lilongwe kukafika pa bwalo la OR Tambo ndi makilomita pafupifupi 1,490, ulendo wa maola 2 ndi theka, ndipo kuchokera ku Blantyre ndi makilomita ngati 1,350. Kuchokera ku Johannesburg kupita ku Heathrow ndi makilomita pafupifupi 9,050, amene amatenga maola 11 ndi mphindi zingapo. Pamodzi ndi makilomita oposa 10,500, kuposa mtunda wowongoka uja ndi makilomita 2,500. Kunena zoona, ndege ya ku London ikauluka maola pafupifupi awiri kuchokera ku Johannesburg, m'pamene mumakhala mwangobwerera pamzere umene Lilongwe ali, kungoti muli chakumadzulo kwake.

Ngakhale zili choncho, ulendo wonse nthawi zambiri susiyana kwenikweni ndi wa ku Addis Ababa, chifukwa ndege za Airlink kapena Malawi Airlines zikakufikitsani ku Johannesburg masana, za British Airways ndi Virgin Atlantic zimanyamuka madzulo a tsiku lomwelo n'kukatera ku London m'mamawa. Chimene ambiri amakondera njirayi ndi tulo. Ku Addis Ababa mumakwera ndege yachiwiri pakati pa usiku, mumapatsidwa chakudya nthawi imene thupi likufuna kugona, ndipo maola otsala ogona amakhala asanu kapena asanu ndi limodzi. Ku Johannesburg mumakwera madzulo, mumadya nthawi yake yeniyeni ya chakudya chamadzulo, ndipo kutsogolo kwanu kuli usiku wathunthu wopanda chokudzutsani. Kwa munthu amene akukayamba ntchito kapena msonkhano tsiku lomwe wafika, kusiyana kumeneku n'kwakukulu. Komanso popeza madzulo aliwonse kumanyamuka ndege zingapo zopita ku London, mukaphonya imodzi mwayi wopeza ina umakhalapo.

Amalawi ambiri ali ndi abale ku Joni, ndipo pasipoti ya Malawi imalola munthu kulowa mu South Africa kwa masiku 30 popanda visa, kotero ena amaudula ulendowu pawiri, kugona kwa abale tsiku limodzi kapena awiri asanapitirire. Kumbali ina, njirayi imakhudza makampani awiri osiyana, ndipo apa ndi pamene pamabisala msampha umene ndifotokoze pansipa.

Kuzungulira ku Dubai kapena ku Doha

Ndege za Emirates ndi Qatar Airways sizifika ku Malawi, koma zonse ziwiri zimatera pa bwalo la Kenneth Kaunda ku Lusaka, makilomita pafupifupi 600 kuchokera ku Lilongwe. Kuchokera ku Lusaka kupita ku Dubai ndi makilomita pafupifupi 5,400, ndipo kuchokera ku Dubai kupita ku Heathrow ndi 5,500, chigawo chilichonse chikutenga maola 7 kapena kupitirirako pang'ono. Wochokera ku Lilongwe amayenda makilomita oposa 11,000, amakwera ndege zitatu, ndipo amakhala mumlengalenga maola pafupifupi 16, osawerengera odikira. Kwa iye njirayi ndi yaitali mosafunikira pokhapokha mtengo utatsika kwambiri. Koma kwa anzathu okhala ku Lusaka nkhani ndi ina, chifukwa iwo amasintha ndege kamodzi kokha, ndipo Emirates imapita mwachindunji kuchokera ku Dubai kukafika ku Manchester, Birmingham, Newcastle ndi Glasgow, pamene Qatar Airways imachokera ku Doha kukafika ku Manchester, Birmingham ndi Edinburgh. Munthu amene akupita ku Scotland, kumene kuli Amalawi ambiri chifukwa cha ubale wakalekale wa mayiko awiriwa, angaone kuti kuzungulira ku Dubai n'kopepuka kusiyana ndi kutsikira ku London n'kuyambanso ulendo wina ndi masutikesi awiri. Njira iyi ndiyonso imene mphepo imaonekera bwino pa maola a ulendo: mphepo yamphamvu ya m'mwamba imawomba kuchokera kumadzulo kupita kum'mawa, choncho kuchoka ku London kupita ku Dubai kumafulumirako kusiyana ndi kuchoka ku Dubai kupita ku London, pamene maulendo olunjika kumpoto ndi kumwera sasiyana kwenikweni popita ndi pobwera.

Tikiti imodzi kapena awiri

Msampha uja ndi uwu. Ulendo wonse ukakhala pa tikiti imodzi, katundu wanu amalembedwa ku Lilongwe kuti akatsikire ku London, ndipo ndege yoyamba ikachedwa mpaka mwaphonya yachiwiri, ndi udindo wa kampani kukupezerani ina popanda inu kulipiranso. Mukagula matikiti awiri paokhapaokha pofuna kupulumutsa ndalama, wina wa Lilongwe kupita ku Johannesburg ndi wina wa Johannesburg kupita ku London, kawirikawiri mumayenera kudutsa kwa a imigireshoni, kutenga masutikesi, n'kukawaperekanso pa kauntala ya kampani yachiwiri, ndipo mukachedwa kampaniyo imangoona kuti simunabwere. Zikatero tikiti yonse, kuphatikizapo yobwerera, imatha kufufutidwa. Amene wasankha kuchita chonchi asiye mpata wa maola osachepera asanu pakati pa ndege ziwirizo, kapena agone komweko.

Nkhani ya katundu imayenderanso pomwepo. Pa maulendo a pakati pa Africa ndi Ulaya, Ethiopian Airlines kawirikawiri imalola masutikesi awiri a makilogalamu 23 iliyonse, ndipo Mmalawi amene abale amutuma ufa, usipa ndi mpunga wa Kilombero amadziwa kufunika kwa sutikesi yachiwiriyo. Matikiti ena otsika mtengo a makampani ena amalola chikwama cha m'manja chokha, moti mukawonjezera mtengo wa masutikesi, tikiti imene inkaoneka yotchipa imadzakhala yodula kuposa inzake.

Ngati wina atandifunsa kuti asankhe iti, kwa munthu woyenda koyamba, wachikulire kapena wokhala ndi ana, ndinganene ya ku Addis Ababa, chifukwa kampani ndi imodzi, kusintha ndi kamodzi, ndipo ndandanda yake inapangidwira kulumikiza maulendo otere. Ya ku Nairobi ndingaisankhe pokhapokha nditaona ndi maso anga kuti pa tsiku limenelo kudikira sikupitirira maola anayi kapena asanu. Ya ku Johannesburg ndi ya munthu wozolowera mabwalo a ndege, amene akufuna tulo tokwanira ndipo wapeza tikiti imodzi ya ulendo wonse.

Maola onse amene ndatchulawa amatha kusintha chifukwa cha zochitika m'mayiko amene ndege zimadutsa pamwamba pake. Nkhondo itabuka ku Sudan mu Epulo 2023, mlengalenga mwa dzikolo munatsekedwa, ndipo ndege zochokera ku Addis Ababa ndi ku Nairobi kupita ku Ulaya zinayamba kulambalala, zambiri zikudzera chaku Nyanja Yofiira. Mu Ogasiti chaka chomwecho, asilikali amene analanda boma ku Niger atatseka mlengalenga mwa dziko lawo, ndege zochokera ku Johannesburg kupita ku London zinakakamizika kuzungulira, ndipo ulendo unatalika. Choncho mtunda umene ndege imaulukadi umaposa wowerengedwa pamapu.

Palinso kabuku kachikasu ka katemera, kamene ambiri amakakumbukira ali kale pamzere wa pa bwalo la Kamuzu pobwerera. Ethiopia ndi Kenya ali m'gulu la mayiko amene kumapezeka matenda a yellow fever, ndipo Malawi, monganso South Africa, amafuna satifiketi ya katemera kwa munthu amene wakhala pa bwalo la ndege la dziko lotere maola oposa 12, ngakhale sanatuluke kunja kwa bwalolo. Kudikira kwa maola atatu kapena anayi sikufuna kabukuka, koma ndege ikalephereka n'kukugonekani ku Addis Ababa kapena ku Nairobi, maola 12 amakwana mosavuta. Satifiketiyi imayamba kugwira ntchito patatha masiku 10 chibayitsireni katemera, ndipo kuyambira mu 2016 imakhala ya moyo wonse, choncho wodzera m'mizinda iwiriyi abayitse kukadali milungu iwiri kuti anyamuke, n'kukasunga kabukuko pamodzi ndi pasipoti m'chikwama cha m'manja.